Miyezi 9 ndi pampu ya Walbro 255 mu WRX yanga

Mu Okutobala chaka chatha ndinaika pampu ya petulo ya Walbro 255 mu Subaru Impreza WRX yanga ya 2003, ija ya injini ya EJ205. Pano yatha miyezi 9 ndipo ndayenda nayo makilomita pafupifupi 14,000: tsiku ndi tsiku kuchoka ku Chelston kulowa m'tauni, kawiri ku Chipata, ndi maulendo angapo a ku Mazabuka. Anzanga a magalimoto a turbo amandifunsa ngati ndalama zanga zinapita pabwino. Zinapita pabwino ndithu, pampuyi ndi yabwino. Koma vuto langa silinathe tsiku limene ndinaiika, ndipo amene akufuna kugula pampu chifukwa galimoto yake ikudukiza ayambe wamva mbali imeneyi.

Galimotoyi si ya mpikisano. Ndinangosintha ekizozi, kenako anaikonza pa kompyuta kuti boost, presha ya mpweya umene turbo imapopera m'injini, izifika 1.1 bar. Patapita miyezi ingapo inayamba khalidwe lachilendo. M'tauni, pa mzere wa magalimoto wa Great East Road m'mawa, inali bwinobwino. Koma ndikapeza msewu wotseguka, m'giya 3 kapena 4, ndikuponda mpaka pansi, muvi wa kuzungulira kwa injini ukangodutsa 5,000 pa mphindi inkachita ngati wina waikoka malaya kumbuyo. Imakoka, kudukiza, kukokanso. Nyali ya check engine osayaka. Ndinasintha mapulagi, ndinatsuka MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa m'injini), ndinabwereka makoilo kwa mnzanga. Palibe chinasintha. Apo ndiye wina anati pampu yakale yatopa, ndipo sananame, inali ndi zaka zoposa 20. Ndinagula ya 255, mnyamata wina pagalaja ina nkundiikira masana amodzi.

Kwa milungu itatu galimoto inali ngati yatsopano. Mlungu wachinayi, ndikukwera mapiri a Munali dzuwa lili pamutu, inadukizanso, ulendo uno moipa kuposa kale, ndipo ndinamva kaphokoso kaja m'injini ngati timiyala tikugubuduka m'chitini. Ndinachotsa phazi pomwepo. Phokoso limenelo pa EJ si loti uziliyesa kawiri, chifukwa mapisitoni a injini izi amasweka m'mphepete mwa maring'i akamenyedwa ndi knock, kuphulika kolakwika kwa mafuta kumene kumachititsa phokosolo.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire amene tonse timangoti amalume. Sanatsegule ngakhale boneti. Anandifunsa kuti, "Mwanawe, presha ya petulo mwaipima?" Ndinati ayi, koma pampu ndi yatsopano. Iwo anati, "Yatsopano ndamva. Ine ndafunsa ngati mwaipima."

Anaika geji pa payipi yolowera ku ma injector (timipopi tolavulira petulo m'injini), naitulutsa kumapeto kwa boneti, nkuimata ndi tepi kunja kwa galasi lakutsogolo. Geji yolowa petulo mkati mwake saiika m'galimoto momwe mwakhala anthu. Injini ikulira galimoto itaima (idle), atazula kapayipi ka mpweya (vacuum) pa regulator, kachipangizo kowongolera presha ya petulo, muvi unaima pa 3 bar, momwe uyenera kukhalira. Mukanapima pagalaja pokha mukanati zonse zili bwino. Apa ndi pamene ambiri timasokonekera. Regulator ya galimoto ya turbo imakweza presha ya petulo mofanana ndi boost: boost ikakwera 1 bar, petulo nayo ikwere 1 bar. Injector imalavulira mafuta m'malo momwe turbo yapopera kale mpweya, choncho chofunika ndi kusiyana kwa mbali ziwirizo, ndipo kuyenera kukhala 3 bar nthawi zonse. Kwa ine, pa boost ya 1.1, geji inayenera kuonetsa 4.1.

Tinatuluka Lamlungu m'mawa msewu uli zii, amalume ali pambali ndi foni akujambula geji. Muvi unakwera bwino mpaka 4, unaima pang'ono, kenako pa 5,000 unayamba kutsika, 3.7, 3.5, mpaka 3.3. Ndiye kuti ma injector ankagwira ntchito ndi 2.2 bar m'malo mwa 3, ndipo mafuta olowa m'injini anali ochepa ndi pafupifupi 14 peresenti pa nthawi imene injini ikuwafuna kwambiri. Kompyuta ya galimoto izi ilibe sensa ya presha ya petulo. Imatsegula injector kwa nthawi imene inauzidwa, nkumakhulupirira kuti mafuta alowa okwanira. Nchifukwa chake nyali sinkayaka.

Titabwerera tinachotsa presha m'mapayipi, tinamasula batire, tinatsegula zitseko zonse, nkutulutsa pampu kudzera pa kachivundikiro ka kuseri kwa mpando wakumbuyo. Chimene tinapeza sindidzachiiwala. Kapayipi kafupi kolumikiza pampu ndi chitsulo chake, kotalika ngati chala, kanali katafufuma nkufewa ngati nthochi yakupsa kwambiri. Amalume atakapinda pang'ono, pafupi ndi kilampu panatseguka mng'alu wonga pakamwa pa nsomba. Mnyamata uja anadula payipi wamba ya petulo. Payipi yotero imapirira petulo mkati mokha, kunja kwake sinapangidwire kukhala yomira m'thanki. Presha ikakhala yochepa mng'aluwo unkatsekeka, ikakwera unkatseguka, mafuta nkumabwerera m'thanki momwemo. Panalibe fungo, panalibe dontho pansi. Payipi yoyenera m'thanki imalembedwa SAE J30R10. Ndi yodula, ndipo muno mu Lusaka ndinazungulira mashopu angapo ndisanaipeze, koma mumangofuna kachidutswa. Ogulitsa akakuuzani kuti zonse ndi zofanana, werengani nokha zolembedwa pa payipipo.

Titasintha, presha inakwera kufika 3.8 pamwamba. Yabwinoko, koma yosakwana. Amalume anatenga mita nkupima magetsi pa pulagi ya pampu galimoto ikukoka. Pa batire panali mavoti 14.1, pa pampu 11.8. Mawaya a zaka 20, opyapyala, oyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi pulagi yoderako m'mano mwake, zinkadya mavoti oposa awiri. Pampu yaikulu imakoka magetsi ambiri kuposa yakale, ndipo presha ikamakwera imakokanso ochulukirapo. Ikapatsidwa ochepa imazungulira pang'onopang'ono, malita 255 pa ola olembedwa pabokosi aja simungawaone. Tinakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, fyuzi pafupi ndi batirepo, relay (kasiwichi koyatsidwa ndi magetsi) kumbuyo, ndi earth yatsopano pachitsulo chopala bwino. Magetsi anafika 13.7. Muvi unakwera pa 4.1 nkukhala pomwepo mpaka injini itafika pamzere wofiira.

Sefa ya petulo tinasinthanso tsiku lomwelo. Titaikhuthula chammbuyo m'botolo loyera munatuluka zofiirira, fumbi ndi dzimbiri. Sindikuganiza kuti ndiyo inali gwero, koma sinkathandiza.

Kuyambira Novembala sinadukizeponso. Mayeso enieni anali ulendo wa ku Chipata mu Disembala, tili anayi ndi katundu wodzaza kumbuyo. M'mapiri a Manenekela, chakufupi ndi mlatho wa Luangwa, mumafunika kupitirira malole pa mtunda waufupi, ndipo galimoto ikazengereza pamenepo moyo uli pachiswe. Inakoka mosalala ulendo wonse. Mu Epulo ndinatsegulanso thanki kuti ndione kapayipi kaja: kolimba ngati tsiku limene tinakaika.

Pali zinthu zimene ndazolowera. Pampu imalira kaphokoso kosalekeza, kamamveka mukaima pamaloboti wailesi ili yozima. Kamakula thanki ikatsika, makamaka kukatentha, chifukwa petulo yomweyo ndi imene imaziziritsa pampu, ndipo yobwerera kuchokera ku injini imabwera yofunda. Ndinasiya zothira mafuta a tsiku limodzi. Muvi ukafika pa kota ndimathira. Chiikireni relay, pampu imathamanga ndi mphamvu zonse nthawi zonse, ndipo presha ya pa idle inakwerako pang'ono, koma regulator yoyamba ija ikukwanitsa. Kamwedwe ka mafuta sikanasinthe moti ndingazindikire. Chinanso, musadabwe geji yanu ikamaonetsa kusiyana pang'ono pa idle ndi manambala a pa intaneti. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, mpweya kuno ndi wopepuka, vacuum imaoneka yochepa. Pimani kapayipi ka vacuum katazulidwa, ndiyo nambala yodalirika.

Mapampu achinyengo olembedwa dzina lomweli alipo ambiri, choncho mtengo ukatsika modabwitsa ine ndimabwerera pakhomo. Koma pa zonse zimene ndinagula, chimene ndingagulenso poyamba ndi geji. Mu Januwale ndinaikitsa yamagetsi, sensa ili ku injini, nambala ili pambali pa ya boost. Mwezi watha mnzanga wa Subaru Forester anabwera ndi vuto lofanana, atatsala pang'ono kuitanitsa pampu. Tinamata geji ya amalume pagalasi lake. Presha yake sinkakwera nkomwe ndi boost, inkangokhala pa 3. Kapayipi ka vacuum ka pa regulator kanali katang'ambika kunsi, ndipo tinakasintha tili chiimire pamsewu.