Daft.ie, kusakira munthu nyumba ku Ireland uli ku Mangochi

Achemwali anga atopa ndi lendi ya ku Dublin, ndiye iwo akakhala pa shifiti ine ndimawasakira pokhala pa Daft.ie kuchokera konkuno ku Mangochi. Sayitiyi ndi yophweka, mumangosankha tawuni ndi ndalama imene mungakwanitse basi nyumba zija mbwee, pali mapu, palinso gawo la sharing la ofuna chipinda chimodzi m'nyumba ya anthu ena, ndipo kwa Mmalawi wongoyamba kumene gawo lenileni ndi limenelo. Zithunzi zokha ndiye zimadya bandulo, musamatsegule zonse.

Dublin nyumba yonse pa mwezi imapitirira 2,000 euro, mukasintha m'makwacha mutu uwawa. Nambala zija za madera a mumzindawu, Dublin 1, Dublin 4, muziziona bwino, zambiri zosagawika ndi 2 zili kumpoto kwa mtsinje wa Liffey, zinazo kumwera, ndipo Dublin 4 ndi kwa mabwana. Ubwino wake ntchito ziliko, masitima a m'tawuni a Luas ndi DART aliko, galimoto simuisowa.

Koma chimene sayiti singakuuzeni ndi mtima wa anthu ake. A mumzinda wa Cork amanena osaseka kuti likulu lenileni ndi kwawo, Dublin yangotenga dzina, mpaka mowa amalimbikira Murphy's ndi Beamish wawo pomwe a Dublin ali pa Guinness, ndendende Blantyre ndi Lilongwe zikamakokana. Ndipo ali ndi ponyadira, kampani ya Apple ili kumeneko kuyambira 1980, msika wa English Market uli pakati pa tawuni, kungoti lendi yake nayo siyocheza, musaganize kuti mukuthawira kotchipa kwenikweni. Galway ndi yokongola inde koma ndi yaing'ono, ana a yunivesite amalimbirana zipinda zomwezo, mvula ya ku Atlantic ndiye osanena.

Ine voti yanga ndi Limerick. A matauni enawa amainyoza kuti kale kunali zauchifwamba, koma mitengo yake ndi yofewerako poyerekeza ndi Dublin, bwalo la ndege la Shannon lili pafupi, ndipo anthu ake ali pa chimwemwe ndi hurling, masewera a mpira womenya ndi ndodo, anatenga chikho cha All-Ireland zaka zotsatizana kuyambira 2020 mpaka 2023.

Malo abwino satha tsiku ali pa sayiti, yatsani alert muzilembera landilodi nthawi yomweyo. Wina akati tumizani dipoziti musanaone nyumba, ameneyo ndi tsinzinantole, achemwali ndawauza apite okha pa basi ku Limerick Loweruka akaone ndi maso kaye.