Botolo la ndere zowala usiku: ndalikonda, koma mbande yanga sinapindule

Ndinagula kabotolo ka ndere za m'nyanja ya mchere zotchedwa Pyrocystis fusiformis ndili ndi funso limodzi: kodi kuwala kwa tamoyo timeneti kungathandize chomera kupanga chakudya chake? Ndinali ndi chiyembekezo chifukwa kuwalako n'kwa buluu, mtundu umene chlorophyll, mankhwala obiriwira a m'masamba amene chomera chimakolera kuwala, imayamwa bwino kwambiri.

Usiku woyamba ndinazimitsa magetsi n'kugwedeza botolo pang'ono. Madzi anathwanima ngati ziphaniphani zosawerengeka, ndinangoti kakasi! Malangizo a kasamalidwe ndi omveka, ndipo wogulitsa anaikamo madzi a michere odyetsera nderezo.

Kenako ndinatsekera kambande m'kabati yamdima, n'kumaika botolo pambali pake usiku uliwonse. Patatha masiku 14 kanatalika, kanawonda, masamba ali chikasu. Kuwalako kunali kochepa: selo iliyonse ya nderezo imathwanima kosafika sekondi imodzi, ikagwedezedwa basi, ndipo ukabwereza kangapo kuwala kumazilala.

Chinandigwira mtima n'choti nderezi nazonso zimafuna kuwala pafupifupi maola 12 patsiku, ndipo luciferin wake, mankhwala amene amawalawo, amafanana kapangidwe ndi chlorophyll. Kambande ndakabwezera pawindo. Botolo ndimaligwedezabe ndisanagone.