Masese a khofi, makala ndi phulusa: china mwa izi chinandiphera nazale

Chiyambireni alamu anga kumanditumizira khofi wa ku Misuku, kumapiri a Chitipa kuja, anzanga sakundipumitsa ndi funso loti zotsalira m'sefa ndimatani nazo. Kunyumba kwathu timangoti masese a khofi. Inu a Ricoffy nkhaniyi sikukukhudzani, wanuyo amasungunukiratu m'kapu. Ndikunena khofi wopera, wochita kusefa.

Pa intaneti masesewa amawatama ngati amatha chilichonse. Ine ndawayesa pambali pa makala ndi phulusa, zinthu zomwe tinakula nazo.

Kufiriji makala ndi akatundu. Magetsi akazima tsiku lonse muli utaka, ndimaikamo zidutswa zitatu m'kambale ndipo fungo limazilala pang'onopang'ono. Masese nawo amayesetsa, koma muyambe mwawayanika pa lichero mpaka aume gwa. Anga oyamba ndinawaika onyowa, sabata isanathe anachita chuku, ndipo majarini ankamveka khofi pa buledi wa ana.

M'manja ndiye ndiwapatsa ulemu wawo. Mukatumbula chambo kapena kusenda adyo, tapani pang'ono, tikitani ndi sopo, fungo lonse balala. Ndimu amachotsanso fungo, koma akapeza kabala ka mpeni mudzavina.

Pa mapoto musanditayitse nthawi, phulusa ndi phulusa. Mphamvu imene imafewetsa therere m'chidulo ndi yomweyo imene imadula mafuta m'sefuliya. Masese amangokanda basi. Komanso musawatsukire m'sinki, sasungunuka, amakagwirana ndi mafuta m'paipi, mapeto ake n'kuitana pulambala.

Tsopano za kudimba, komwe kunandiwawa. Ndinamva kuti masese ndi feteleza waulere, ndiye ndinawasunga m'chidebe miyezi iwiri. Nditafesa mpiru ndi tomato m'mabedi awiri a nazale, ndinawawaza pamwamba mokhuthala ngati chala, n'kumadziona wochenjera. Bedi lachitatu masese anandithera, ndinangothira manyowa a mbuzi owolerana monga mwa nthawi zonse.

Patatha masiku anayi dzuwa likuwomba, pamwamba pa mabedi awiri aja panauma chikhakha. Ndikathirira ndi kheni madzi ankangoyenderera kugwera m'ngalande, ndikakanda ndi chala pansi pake mpouma. Mbande zochepa zimene zinaboola zinali zoonda, zachikasu, ndipo zinangoima osakula. Bedi la mbuzi lili biriwiri pambalipa, ngati likundiseka. Mbewu ndinakagula zina, koma chondipweteka ndi masabata atatu amene ndinatsalira. Tomato wanga anapsa anzanga atadzaza kale msika, mtengo utagwa.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Masese ndi osalala kwambiri, akauma amamatana n'kutseka nthaka. Muli kafini wotsalira, chija cha mu khofi chimene chimathetsa tulo, ndipo amalepheretsa mbewu zing'onozing'ono kumera ndi kukula bwino. Nayitulojeni, chakudya cha mbewu chimene amati chili m'masese, alimodi, pafupifupi 2 pa 100 aliwonse, pomwe mu Urea muli 46, ndipo wa m'masese mbewu siingamudye mpaka atawola. Nanga amene amalemba za feteleza waulere aja bwanji satchula zimenezi?

Phulusa nalo si feteleza wokwanira, musandimve molakwa. Mulibe nayitulojeni, limapereka potashi ndi kuchepetsa asidi m'nthaka, ndipo mukalithira mwaumbombo limawotcha mbande. Koma malire ake timawadziwa, agogo ankangowaza kadzanja kamodzi n'kusiya.

Ena amati kufukiza masese ouma kumathamangitsa udzudzu. Pakhonde panga unasuntha pang'ono utsi uli tolotolo, utsi utatha unabwerera wonse. Gonani m'masikito.

Ndiye mukandifunsa, kufiriji makala, ku mapoto phulusa, kunazale manyowa owolerana. Masese ndawasiyira kabotolo kamodzi pafupi ndi sopo wa kukhitchini. Otsala amapita m'dzenje la kompositi, osakaniza ndi masamba ouma ndi zitosi za nkhuku, ndipo ndimakwirira ndithu, chifukwa kafini ndi poizoni kwa agalu ndipo wathuyu amafukula chilichonse.