Kamera yoti ipirire ku Chigwa: D3500, 2000D, a6000 kapena D7200 yakale?

Chiyambireni kuika zithunzi za mbalame za ku Elephant Marsh pa Facebook, funso limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti, "Achimwene, nanenso ndikufuna kuyamba kujambula, ndigule kamera iti?" Ena amafika atasankha kale, ataonera mavidiyo a pa YouTube. Koma opanga mavidiyowo amakhala kumayiko ozizira, kumene magetsi sazimazima ndipo wokonza makamera ali pafupi. Ife tili ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula. Fumbi lathu n'losalala ngati ufa woyera, mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kamera ikawonongeka mumayenera kukwera nayo mapiri kuchokera pa Thabwa mpaka ku Blantyre, komwenso n'kutheka kubwerako osapeza woidziwa.

Makamera amene anthu amanditchulira kwambiri ndi Nikon D3500, Canon 2000D ndi Sony a6000. Ine ndimawonjezerapo yachinayi imene samaiganizira, Nikon D7200 yogwiritsidwapo kale ntchito. Onse anayiwa ali ndi mamegapikiseli 24 pa sensa (kachipangizo ka m'kati kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya saizi yotchedwa APS-C, ndiye za zimenezo tisatayepo nthawi. Dzuwa likuswa mtengo, palibe angaloze kuti chithunzi ichi chatuluka m'kamera iyi. Kusiyana kuli pa malenzi, fumbi ndi batire.

Ndiyambe ndi malenzi, chifukwa apa ndi pamene ndalama za anthu zikupsera.

Mwana wa achemwali anga, mphunzitsi wa pulayimale cha ku Ngabu, anasunga ndalama kwa nthawi yaitali, kuphatikizapo za thonje la m'munda mwake. Anakagula D3500 kwa munthu wina wogulitsa zamagetsi m'tauni, pamodzi ndi malenzi awiri, 18-55mm ndi 70-300mm. Atafunsa ngati yaitaliyo ikugwirizana ndi kamerayo, anamuyankha kuti, "Bwana, iyi ndi Nikon pa Nikon, musadandaule." Mu shopumo anangomuyesera yaifupi ija. Loweruka lina tinalawirira ku Lengwe, n'kukakhala m'kanyumba kobisaliramo kamene kali m'mbali mwa dziwe lomwerapo nyama. Boo wamphongo anatuluka m'zitsamba, miyendo yake yofiirira, nyanga zoyera kunsonga, akuponda pang'onopang'ono kulowera kumadzi. Mnyamata uja anakanikiza batani. Lenzi ili zii. Anakanikizanso, n'kundinong'oneza kuti, "Malume, sikugwira." Nditaitembenuza ndinawerenga zolembedwa pambali pake: AF Nikkor 70-300mm f/4-5.6G. Panalibe S, panalibe P, panalibenso VR.

Nkhani yake ili chonchi. Malenzi a Nikon olembedwa AF-S kapena AF-P ali ndi mota yawoyawo yoyendetsa fokasi, koma olembedwa AF basi, kapena AF-D, alibe mota m'kati mwawo. Amadalira kamota ka m'kamera, kamene kamazunguza kasikuluwu kali pa chitsulo cholumikizira lenzi. Makamera onse a m'gulu la D3000 ndi D5000, kuphatikizapo D3500 ndi D5600, alibe kamota kameneka. Ndiye lenziyo imalowa bwinobwino, kuwala imayeza, chithunzi imajambula, koma fokasi muzichita kupotokola pamanja. Tayesani kutero pa 300mm, nyama ikuyenda mumthunzi, inu mukusuzumira pa kagalasi kakang'ono ka D3500. Boo anamwa madzi n'kubwerera, ndipo pa zithunzi zonse zimene anajambula panalibe ngakhale chimodzi chooneka diso. Atabwerera nayo m'tauni anamuuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Motero mtengo weniweni wa kamerayo unakhala ndalama zimene analipira kuphatikizapo za lenzi ina, imene anaigula patapita miyezi. Mpaka lero ndimapsa mtima ndikakumbuka, chifukwa munthu wogulitsa malenzi tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezi. Anangoona kuti kwabwera wa kumudzi.

Msampha womwewu uli ndi mbali inanso. Malenzi atsopano olembedwa AF-P DX sagwira pa makamera akale monga D3200, D5100, D90 ndi D7000, ndipo pamenepo ngakhale pamanja fokasi siyenda, chifukwa mphete yake imadalira magetsi a kamera. Komanso AF-P DX 70-300mm ilipo ya mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ina ya VR, ina yopanda. VR ndi imene imaletsa chithunzi kugwedera dzanja likamanjenjemera. Yopanda VR isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo chotani.

Apa Canon ndiyenera kuiyamikira. Chiyambire 1987 lenzi iliyonse ya EF yokhala ndi autofocus ili ndi mota yakeyake, ndiye EF kapena EF-S imene mungaipeze idzagwira pa 2000D popanda kuwerenga zilembo. Koma nakonso kuli lenzi imene ogulitsa amakonda kuphatikizira pa kamera, EF 75-300mm f/4-5.6 III. Ilibe IS, imene kwa Canon imagwira ntchito ya VR, ndipo mukaifikitsa pa 300mm zithunzi zimafewa. Mukajambula kakowa woyera dzuwa likuwala, m'mphepete mwa nthenga mumatuluka kamzere kapepo. EF-S 55-250mm IS STM ndi yaifupi pa manambala koma imaiposa kutali. Chinanso, makamera ambiri a 2000D ndi 4000D anatuluka opanda kachitsulo kapakati pamalo pomangira fulashi, moti mafulashi otchipa wamba sayaka. Ngati mumaganiza zodzajambulako chinkhoswe cha m'bale wanu madzulo, yang'anani pamwamba pa kamerayo musanalipire. Ndipo wina akakuonetsani EOS M50 yokongola, dziwani kuti Canon inasiya mtundu wa M, ndipo malenzi ake salowa pa makamera atsopano a R.

Ku Sony, lenzi yaitali yotsika mtengo ndi 55-210mm, imene pa mbalame imaperewera. Yabwino ndi 70-350mm G, koma mtengo wake umaposa wa a6000 yakaleyo.

Tsopano fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, kamvuluvulu sasowa m'minda, ng'ombe zikamabwerera kukhola msewu wonse umachita mdima, ndipo kufupi ndi Nchalo kumagwanso phulusa la nzimbe zikamawotchedwa. Kamera ya DSLR, monga D3500, 2000D ndi D7200, mukachotsa lenzi, kutsogolo kwa sensa kumakhala kagalasi ndi shutter. Pa a6000 mukachotsa lenzi, sensa imakhala pamtunda, ikukuyang'anani. Ili ndi njira yodzigwedeza kuti fumbi ligwe, koma lathuli likasakanikirana ndi chinyezi limamatirira, ndipo mumayamba kuona timadontho takuda pa thambo m'chithunzi chilichonse, makamaka mukachepetsa bowo lolowera kuwala kufika pa f/11 kapena f/16. D3500 ndi 2000D zimatetezekako chifukwa cha kagalasi kaja, koma zonse ziwiri zilibe njira yogwedezera sensa, komanso zilibe timalabala totseka m'mipata ya mabatani ndi zitseko. D7200 ili nazo zonse, chimodzimodzi Canon 80D. Kwa munthu amene amanyamula kamera pa kabaza kapena kumbuyo kwa lole, zimenezi n'zofunika kuposa Wi-Fi kapena sikirini yotembenuka.

Pa batire manambala a opanga makamera amanena okha. D3500 imajambula zithunzi pafupifupi 1,550 pa kutchaja kamodzi, D7200 pafupifupi 1,110, 2000D pafupifupi 500, pamene a6000 ndi 360 zokha, chifukwa sikirini ndi kagalasi kake kosuzumirapo zimadya moto nthawi yonse imene yayatsidwa. Ndi D3500 mukhoza kupita kumudzi kwa Tengani sabata yathunthu chaja itatsala kunyumba. Ndi a6000 pamafunika mabatire awiri owonjezera, ndipo ndalama zake muziwerengeretu pa mtengo. Ubwino wake ndi woti imatchajika ndi USB, ndiye power bank kapena kasola kakang'ono kamakwanira magetsi akazima. Komabe machaja a USB a mabatire a Nikon ndi Canon aliponso, choncho mwayi umenewu si wa Sony yokha.

Za kutentha palibe wopambana: mabuku a makamera onsewa amati azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40. Musaisiye m'galimoto yotseka, ndipo poyenda muziiphimba ndi kansalu koyera.

Funso lina limene limabwera ndi lakuti 300mm ikwanira kapena ayi. Pa Nikon ya sensa iyi 300mm imaoneka ngati 450mm, 250mm ya Canon ngati 400mm, ndipo 210mm ya Sony ngati 315mm. Ku Majete, kumene African Parks inayamba kuyang'anira mu 2003 ndipo mikango inabwezeretsedwa mu 2012, njovu, njati ndi ngoma zimafika pafupi ndi msewu moti 300mm imakwana. Mvuu za mu Shire cha ku Kapichira nazonso sizithawa. Kumene mtima umalakalaka lenzi yaitali ndi ku Elephant Marsh, dambo limene mu 2017 linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, chifukwa cha mbalame zake. Kumeneko anthu amalota za Sigma kapena Tamron 150-600mm. Ndi malenzi abwino, koma iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo inu mwakhala pansi m'bwato lamtengo limene likugwedezeka wopalasa akamakankha. Komanso ikangokwana 9 koloko m'mawa mpweya wa pamwamba pa dambo umayamba kunjenjemera ndi kutentha, ndipo nkhwazi imene ili patali imatuluka yosungunuka ngakhale lenzi ikhale yodula bwanji. Wopalasa wodziwa mitsinje ya m'mabango, amene angakufikitseni pafupi ndi chiswankhono mwakachetechete dzuwa likungotuluka, amathandiza kwambiri kuposa mamilimita 300 owonjezerawo.

Palinso njira ina imene ojambula ena amainyoza koma ine sindiinyoza: Nikon P950, ya lenzi yosachotseka imene mukaikokera kumapeto imaoneka ngati 2000mm. Popeza situlutsidwa lenzi, fumbi silipeza khomo lalikulu. Kwa munthu amene cholinga chake n'kuzindikira mitundu ya mbalame ndi kusunga umboni wake, ndi yokwana. Koma sensa yake ndi yaing'ono zedi, moti m'bandakucha m'zitsamba za ku Lengwe zithunzi zimachita timchengamchenga, ndipo mbalame youluka imavuta kuigwira.

Mdani wa nyengo ya dzinja ndi chuku. Chinyezi cha Januwale mpaka Malichi chikalowa m'lenzi yosungidwa m'kabati yamdima, pa galasi la m'kati pamamera timizu toyera, ndipo tikakhalitsa timadya utoto wa galasilo. Amene tinaona madzi a Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti makoma a nyumba amatenga milungu kuti aume. Chuku sichisankha Canon kapena Nikon. Sungani zida zanu m'chigubu chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel, ndipo muzizitulutsa pafupipafupi.

Ndiye ndigule iti? Ine ndine wa Nikon, ndipo sindibisa kuti zala zanga zinazolowera mabatani ake. Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero ndikanagula D7200 yosungidwa bwino, ndi malenzi awiri: AF-S DX 35mm f/1.8G ya anthu, misika ndi magule a madzulo, ndi AF-P DX 70-300mm VR ya nyama ndi mbalame. Kamerayi inatuluka mu 2015, koma ili ndi madontho a fokasi 51 pamene D3500 ili ndi 11 ndipo 2000D ili ndi 9. Imalowa makadi awiri, moti imodzi ikafa zithunzi zimatsala pa inayo. Ilinso ndi kamota kaja, ndiye malenzi akale a AF ndi AF-D, amene amapezeka motchipa, amagwira bwino. Zovuta zake ziwiri: imalemera pafupifupi magalamu 765 pamene D3500 ndi 415, ndipo mukaikapo lenzi ya AF-P ija VR yake simungaizimitse. Kwa okonda Canon, 80D ya 2016 ndi 55-250mm IS STM ndi zofanana nazo mphamvu, ndipo pa vidiyo 80D imaposa. Pakati pa zing'onozing'ono ziwiri zija ndimasankha D3500 chifukwa cha batire ndi liwiro, zithunzi 5 pa sekondi pamene 2000D imajambula 3. Sony a6000 ndi yopepuka ndiponso yachangu kuposa zonsezi, imafika zithunzi 11 pa sekondi, ndipo ndikanakhala ku Zomba mwina ndikanaiganizira. Kuno ndingailole kwa munthu amene adzaikapo lenzi imodzi osamaichotsachotsa.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kamera yatsopano ya mu shopu inatalikira ambiri a ife, ndipo yoitanitsa kunja imafika ndi msonkho ndi ndalama zotumizira zimene pa intaneti sizimaoneka. Ambiri tikudalira abale a ku Johannesburg kapena munthu amene akugulitsa yake. Musatumize ndalama musanaone chithunzi cha zilembo zonse za pa lenzi. Funsani shutter count, kutanthauza chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo yajambula kale, podziwa kuti shutter ya D7200 inayesedwa kufika 150,000. Ngati katunduyo ali m'manja mwanu, unikani m'kati mwa lenzi ndi tochi ya foni kuti muone chuku, jambulani thambo pa f/16 kuti muone madontho, ndipo lenzi iliyonse imene mukulipira muiike pa kamerayo, mukanikize batani, muimve ikuzungulira yokha wogulitsayo ali pomwepo.