Drill press ya pa benchi patatha miyezi 14, ndikanayamba ndafunsa sipidi yotsika

Nditangoigula drill press yangayi, makina oboolera okhala pa benchi, ndinalemba mothamanga, patangotha masabata awiri okha, kuti ndi makina abwino zedi, mota yamphamvu, mabowo owongoka, aliyense amene ali ndi kashedi kogwiriramo ntchito pakhomo agule basi. Pano yakwana miyezi 14 ili pa benchi ndipo angapo mwakhala mukundifunsa ngati mawu aja ndikadali nawo. Ndili nawo theka. Makinawo sanafe, sanapse, akuzungulira bwinobwino mpaka lero, koma zomwe ndinkayang'ana pogula si zomwe zandithandiza kapena kundisowetsa mtendere chaka chonsechi, ine ndinangotengeka ndi nambala ya mawatsi pa katoni ngati ndikugula wailesi.

Kwa amene simunaone zoyamba zija, ndi kaja kakang'ono kofala, mota ya 350W, chuck yogwira biti mpaka 13mm, masipidi asanu osintha posuntha lamba pa ma pulley awiri pamwamba, yotsikitsitsa imazungulira maulendo cha m'ma 600 pa mphindi, yokweretsetsa cha m'ma 2600. Biti imatsika 50mm basi mukakoka handulo mpaka kumapeto. Pa katoni analemba 8 inch ndipo ine ndinkaganiza kuti thabwa lilowa mainchesi 8, ayi ndithu, iwo amawerengera kawiri mtunda wochoka pa nsonga ya biti kufika pa mzati wakumbuyo uja, ndiye zenizeni zake ndi mainchesi 4, pafupifupi 10cm. Bowo likakhala kutali ndi m'mphepete kuposa pamenepo thabwa limagunda mzati, mubwerere ku dirilo yapamanja.

Ndiyambe ndi pomwe yandisangalatsa chifukwa palipo ndithu. Ndinapanga makabati okhala ndi zitseko 12, mahinjesi ake aja obisika ofuna bowo la 35mm, ndiye kuti mabowo 24 pa thabwa la 18mm, ndipo bowo lake liyenera kulowa cha m'ma 12mm osatulukira kunja. Ndi dirilo yapamanja ndinali nditawonongapo chitseko kale, kansonga ka Forstner, biti yoboola mabowo aakulu a pansi posalala pa thabwa, kanatulukira kumaso kwa chitseko ngati chiphuphu. Apa ndinamanga kathabwa kowongoka kumbuyo kwa tebulo koti chitseko chizitsamirapo, ndikumanga manati awiri aja oimitsa kuya, kuyesa pa chidutswa kaye, kenako kumangokoka handulo mpaka kumva kuti gu yafika. Utuchi ukutuluka wopiringizika, pansi pa bowo posalala ngati mbale, mabowo 24 onse kuya kumodzi. Madzulo amenewo ndinadziona ngati kalipentala weniweni. Pa matabwa, pa pulasitiki, pa aluminiyamu ndi pa chitsulo chopyapyala ndi mabiti a 3 mpaka 8mm sindinganame, ntchito imaigwira.

Nkhani yavuta pa sipidi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndalama za mabiti zandithera. Munthu ukamagula umaganiza kuti makina othamanga ndiye amphamvu. Pa chitsulo ndi zosiyana, biti ikamakula sipidi iyenera kutsika, chifukwa m'mphepete mwa biti yaikulu mumayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi ndiye mumatentha msanga. Biti wamba yoboolera zitsulo, yotchedwa HSS, pa chitsulo chofewa imafuna m'mphepete mwake muziyenda mamita 25 kapena 30 pa mphindi. Masamu ake osavuta omwe ndinalemba ndi maka pa khoma ndi awa, tengani 8000 mugawe ndi kukula kwa biti mu mm. Ya 6mm ikubwera cha m'ma 1300, ya 10mm ndi 800, ya 13mm ndi 600. Mwaona? Biti yaikulu yomwe chuck yanga ingagwire yafika kale pa malire otsikitsitsa a makina, pansi pake palibenso kolowera.

Ndiye tsiku lina ndinafuna mabowo anayi a 10mm pa kafulatiba ka sitenilesi kokhuthala 5mm. Sitenilesi imafuna theka la sipidi ija kapena kucheperapo, tinene 300 mpaka 400. Ine ndili pa 600, ndati aaa zitheka bola oyilo. Biti inalowa kaye pang'ono bwinobwino, kenako inayamba kulira kwiii mokweza mano kuchita kuyabwa, utsi wa oyilo tolo, m'malo mwa timizere tachitsulo topotana kukutuluka fumbi lakuda. Nditakweza handulo nsonga ya biti inali itasanduka yabuluu, makona ake atatha ngati yanyambitidwa. Choipa kwambiri nchoti sitenilesi ukaipukuta ndi biti yosadula imauma pamalo pomwepo, ndiye biti yachiwiri yatsopano inafika pa chitsulo cholimba kuposa poyamba, nayonso inathera pompo. Yachitatu ndinagula ya cobalt yokhala ndi nsonga ya madigiri 135, kuyamba ndi kabowo ka 4mm, kukanikiza mwamphamvu osalola kuti biti izingotsetsereka pamwamba, kuima pafupipafupi kuti izizire. Mabowo anatheka koma anayi okha ananditengera madzulo onse ndi mabiti atatu.

Hole saw, kasowo kozungulira kodula mabowo aakulu, ya 50mm pa chitsulo ndiye musayerekeze nkomwe, masamu omwe aja akupereka 160, ine ndili pa 600, mano ake amangogwedera kenako lamba nkuyamba kuterereka pa pulley. Ngakhale Forstner ya 35mm ija ikafika pa thabwa lolimba imasiya m'mbali mwa bowo mwakuda mopserera ndikapanda kumaikweza pafupipafupi kuti utuchi utuluke. Makina a masipidi 12 kapena 16 ali ndi pulley yachitatu pakati ndi malamba awiri, amenewo ndi omwe amatsika mpaka cha m'ma 200 kapena 300, ndipo ndikanakhala kuti ndikugula lero funso langa loyamba likanakhala limenelo, mawatsi pambuyo. Mota ya 350W sinaimepo ndi kamodzi komwe chifukwa chochepa mphamvu, lamba ndi amene amayamba kugonja.

Ndiulule kenakake, ulesi wosintha lamba ndi weniweni abale. Kutsegula chivundikiro, kumasula kabauti ka mota, kusuntha lamba, kukoka mota, kumanganso, ndi mphindi ziwiri zokha koma ukakhala ndi bowo limodzi umati aaa ndiboola pomwe alipo. Miyezi yambiri lamba wanga amakhala pa sipidi yachiwiri kuchokera pansi. Pomanga musamukoke ngati chingwe cha gitala, mukamudina ndi chala pakati azilowa pafupifupi 1cm, mukamangitsa mukupha mabering'i. Lamba wobwera nawo anali wouma ndipo ankagwedeza makina onse mpaka chivundikiro kumalira, nditaika wina pa mwezi wachisanu phokoso linatsika kwambiri, ndinadandaula kuti ndinachedweranji.

Mwezi wachitatu chuck inagwa. Inangoti phu pa tebulo ikuzungulirabe nkugubuduka mpaka pansi, mtima kuchita kuima. Mlandu unali wanga mbali ziwiri. Chuck yamtunduwu ilibe bauti, imangogwira pa kachitsulo kosongoka pang'ono kotchedwa taper, yanga ndi B16, makina akuluakulu amakhala ndi Morse taper, nzeru ya Stephen Morse ya m'zaka za m'ma 1860 yomwe mpaka lero sinasinthe, ngati chuck ya kiyi yomweyi yomwe Arthur Jacobs analembetsa mu 1902. Chuck ndi taper zimagwirana chifukwa chothinana basi, ndiye pamafunika pouma poyera. Ine poika koyamba sindinapukute girizi wa ku fakitale. Chachiwiri ndinamangapo kadiramu ka sandipepa nkumakankhira thabwa chammbali, pomwe taper inapangidwira mphamvu yochokera pansi kupita m'mwamba. Ndinapukuta mbali zonse ndi sipiriti, kubweza mano a chuck mkati, kuika kathabwa pansi pake nkumenya kamodzi kolimba ndi hamala yamtengo. Miyezi 11 tsopano sinagwenso, koma zosandira ndinasiya, ndipo amene mukuganiza zoisandutsa milling machine, makina osema chitsulo chammbali, iwalani.

Zoti biti imatsika 50mm basi zija nazo zimawawa mochedwa. Mwendo wa tebulo wokhuthala 70mm sungauboole ulendo umodzi, umaboola mpaka handulo itatha, kuzimitsa, kukweza tebulo biti ili m'bowo, kuyatsanso. Ndipo tebulo langa lilibe chopukusa chokwezera, ndi lija lomasula kumbuyo nkunyamula ndi manja, ukangomasula limatsika lokha komanso limapita kumbali ndiye pakati pomwe unatchera pasokonekera. Pakakhala vaisi pamwamba ndiye dzanja limodzi silikwana. Ndinaika kolala yapaipi pa mzati kunsi kwake kuti lisamagwere pansi, zathandiza pang'ono. Makina otsitsa biti 80mm komanso okhala ndi chopukusa ndimawasirira kuposa china chilichonse.

Tebulo lomwelo limawerama ukakanikiza mwamphamvu pa chitsulo, pang'ono pokha koma bowo limapendekeka, ndiye ndimaika kachipika pansi pake kufika pa phazi la makina. Komanso manambala a madigiri omwe anamata pambali ndi okongoletsa chabe, pa 0 sipali pa 0. Njira yomwe imandithandiza ndi kawaya kolimba kopinda ngati Z, mbali ina mu chuck, kuzungulitsa ndi dzanja makina ali ozima, nsonga yake izikhudza tebulo mofanana kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Kumanja ndi kumanzere mumakonza ndi bauti yapansi ija. Kutsogolo ndi kumbuyo kulibe chosinthira, ine ndinapanga tebulo lathabwa pamwamba nkulowetsa timapepala kunsi mbali imodzi mpaka zinafanana. Tebulo lathabwalo lili ndi kachidutswa kapakati kochotseka, kakadzadza mabowo ndimangosintha, ndipo thabwa silithetheka kunsi biti ikamatuluka.

Chala changa chamkombaphala chakumanzere chili ndi chipsera, nacho ndi gawo la ripotili. Kachitsulo kopyapyala kotalika ngati 20cm, bowo limodzi la 8mm, ndati ndigwira ndi dzanja kilampu ili patali. Biti ikamatulukira kunsi ndi pomwe imakola, inakola nkunyamula kachitsuloko nkukazunguza ngati chopemerera mphepo, ndisanafike pa switch kanali katandicheka kale. Mwayi sindinavale magolovesi, amenewo akakodwa amakoka dzanja lonse, pa makina ozungulira osavala ndithu, malaya a manja aatali pindani, magalasi okha ndiwo ovala. Kuchokera tsiku limenelo chitsulo chilichonse chimalowa mu vaisi yomangidwa pa tebulo, chikakhala chachitali ndimachitsamiritsa pa mzati mbali yakumanzere kuti chikafuna kuzungulira chigunde pamenepo. Kiyi wa chuck naye anaulukapo kamodzi nditamuiwala momwemo, pano amakhala pa maginito pafupi ndi switch, ndikapanda kumuona pamenepo sindiyatsa. Makinawonso amangeni ndi mabauti pa benchi, mutu wake ndi wolemera kuposa phazi.

Ka laser kolozera poboola komwe ndinakayamikira kwambiri poyamba paja kanasokonekera mwezi woyamba, ukakonza lero mawa kasuntha, mabatire atatha sindinaikenso. Panchi ndi hamala zimandipatsa pakati penipeni kuposa kuwala kofiirako. Dzimbiri linayamba pa mzati ndi pa tebulo nyengo yachinyezi, ndinapukuta ndi kasitiwulu nkupaka phula, oyilo ayi chifukwa amadetsa matabwa. Sipuling'i yobweza handulo ili bwino, switch ili bwino.

Kugwedera kwa biti ena munafunsa. Ndikamanga kachitsulo kowongoka mu chuck nkuzungulitsa ndi dzanja, kupotoka kulipo kochepa koti pa matabwa simungakuone. Chomwe chakula ndi miyezi ndi kuseweraseweraku kwa quill, chipaipi chomwe chimatsika ndi chuck, mukaitsitsa mpaka pansi nkuigwedeza ndi dzanja imamveka kuti kwe kwe. Pambali pa mutu pali kabauti kokhala ndi nati kochepetsera zimenezo, ndinamanga pang'ono zinachepa koma sizinathe. Amene mukukagula, tsitsani handulo mpaka kumapeto mugwedeze chuck musanapereke ndalama, makina awiri amtundu umodzi amatha kusiyana pamenepa. Ndiponso kwezani tebulo kufupi ndi biti kuti quill isamatuluke yonse, mabiti ang'onoang'ono a 2mm ndinasiya kuthyola nditazolowera zimenezi.

Ndiye ngati ntchito yanu ndi matabwa, mashelefu, mahinjesi, timabulaketi ta apo ndi apo, kotereka kakukwanirani ndipo ndalama yotsalayo mugulire vaisi, makilampu awiri ndi mabiti abwino. Ngati mumakhudza chitsulo chokhuthala sabata iliyonse dikirani musonkhe ya ma pulley atatu. Yangayi sindigulitsa, ikhala ya matabwa. Pakona pali kale mapuleti asanu ndi limodzi a 8mm ofuna mabowo a 16mm a geti yomwe ndinalonjeza kunyumba kuno, masamu aja akuti 500, chuck yanga ikuthera pa 13, ndiye Loweruka ndiwanyamula kupita nawo kwa mnzanga amene ali ndi yaikulu yoima pansi.