Ndalama za sukulu ku California: zomangidwa kapena zomasuka?

Makolo anzanga amene ana anu ali pa sukulu za boma kuno ku California, mkangano woti ndalama za sukulu zizibwera ntchito yake italembedwa kale kapena anthu a m'deralo azisankha okha mudzaupeza pa msonkhano uliwonse wa bajeti.

Kale boma linkatumiza gawo lina la ndalama ntchito yake italembedwa kale: iyi ya mabuku, iyi yosulira aphunzitsi, iyi yokonzera nyumba. Matumba oterewa analipo makumi angapo. Kulondola komwe ndalama yapita kunali kosavuta, ndipo zimenezo sindizipeputsa. Koma district (ofesi yoyang'anira sukulu za dera limodzi) yoti mabuku ili nawo okwanira, chikusowa ndi mlangizi wa ana, inkangoiyang'ana ndalamayo manja ali omangika.

Mu 2013 bwanamkubwa Jerry Brown anasainira lamulo la Local Control Funding Formula, ndipo matumba ambiri aja anatsanuliridwa m'nkhokwe imodzi. Mwana aliyense amawerengeredwa ndalama yake. Akakhala wochokera m'banja losauka, woti akuphunzira kumene Chingerezi, kapena woleredwa m'manja mwa boma, amawonjezerapo 20 peresenti. Ana otere akapitirira 55 peresenti mu district, pamabweranso ina. Kagwiritsidwe kake a district asankha okha, bola alembe pulani ya zaka zitatu, LCAP, atafunsa makolo.

Ine mtima wanga uli ku njira yachiwiriyi. Ndinakhalapo pa msonkhano wa LCAP madzulo ena mu laibulale ya sukulu, titakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba. Mayi wina anaimirira, womasulira ali pambali pake, n'kunena kuti mwana wake sangatsalire kuphunzira kuwerenga ena akaweruka chifukwa basi imakhala itapita. Nkhani ya basi yachiwiri akuluakulu a ku Sacramento, likulu la California, akanaidziwira kuti? Anthu a m'chipinda chija ndiwo anali ndi mphamvu yoiganizira.

Pomwe pamandiwawa ndi apa. Mu 2019 ofesi yofufuza za chuma cha boma inaunika ma district a Clovis, Oakland ndi San Diego, n'kupeza kuti boma silinkatha kulondola bwino ngati ndalama zowonjezera zija zikufikadi kwa eni ake. Zotsala chaka chikatha zinkatha kulowa mu thumba la onse. Mpata umenewo anautseka mu 2021, komabe chikalata cha LCAP n'chachitali, chotopetsa, ndipo kholo lochokera ku ntchito silingachimalize.

Mukapita, musavutike n'kuwerenga chonse. Pezani tsamba la ndalama zowonjezera, mufunse kuti chaka chatha zinagula chiyani pa sukulu ya mwana wanu, ndipo yankho mulipemphe lolemba.