Ka Mira e:S kandipulumutsa galimoto yanga itaphwanyika, koma musanagule werengani kaye

Anzanga akhala akundifunsa kuti ka Mira kaja kakukuyenderani bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi kuti aliyense amene galimoto yake yaphwanyika ndipo mthumba muli pang'ono awerenge yekha. Daihatsu Mira e:S ndi galimoto yoti ikudzutseni mukagwa, makamaka ngati maulendo anu ndi a mtauni, kuntchito, kusukulu kwa ana, kumsika, kutchalitchi. Pa mamalikisi 5 ndikuipatsa 4, imodzi ndachotsayo ili ndi zifukwa zake ndipo ndizinena zonse.

Yanga yakale inali saluni ya 1500cc, lole inatigunda kumbuyo pa M1 cha ku Kanengo, ine ndi ana tinatuluka bwinobwino Mulungu ndi wabwino, koma galimoto yokha chassis inapindika moti amakaniko atangosuzumira pansi anati madamu iyi musataye nayo ndalama, olo tiiwongole izidya matayala moyo wake wonse. Inshulansi yanga inali third party, ndipo kwa amene simudziwa, third party imalipira munthu amene inuyo mwamuonongera, yanuyo simo. Mbali ya mwini lole inalipira kandalama nditathamanga ndi police report ndi ma quotation mpaka nsapato kutha, koma ndalamayo sikanagula olo theka la galimoto ina, poti chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo ya galimoto inangokwera osabwereranso. Chinandithandiza kwambiri ndi nzeru ya amakaniko omwewo, anati musagulitse yonse ngati sikilapu, anthu akupatsani mtengo wa zitsulo basi, poti yagundidwa kumbuyo injini ndi giya bokosi zili bwino, tigulitse pachokhapachokha. Tinaterodi, injini payokha, giya bokosi payokha, zitseko zakutsogolo, malaiti, mpaka mipando, ndipo zinatuluka zambiri kuposa zomwe ankanena ogula sikilapu aja. Kuphatikiza ndi chipeleganyu chathu cha kuntchito komanso kangongole ka ku SACCO, ndalama inakwana ya galimoto yaing'ono.

Ndinaganizapo zoitanitsa ndekha ku Japan, pa BE FORWARD ndi SBT mitengo imaoneka yokoma zedi, koma mtengo ukuoneka pafoniwo ndi chiyambi chabe. Pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, zapadoko, dalaivala woibweretsa mpaka ku Songwe, clearing agent, msonkho wa MRA womwe amawerengera potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenako kulembetsa ku Road Traffic, ndipo musanafike konseko muyambe mwapeza madola, omwe masiku ano ku banki sapezeka chisawawa. Ine ndinalibe miyezi yodikira sitima uku ndikulipira kabaza ndi minibasi tsiku lililonse ana awiri ndi ine, nde ndinagula yomwe inali kale muno mu Lilongwe kwa munthu amene anaiyendetsa pang'ono.

Tsopano kagalimotoko. Injini yake ndi 660cc, masilinda atatu, ndi tigalimoto tija ku Japan amati kei, ndipo e:S inayamba kutuluka mu 2011. Yanga ndi ya mtundu woyambawo. Thanki ndi malita 30 basi, kulemera kwake ndi makilogalamu cha m'ma 730, nde mafuta imangonyambita. Ku Japan papepala analemba makilomita 30 pa lita, izo musazitengere pamtima, ine mtauni ndi mizere ya mmawa yochokera ku Area 25 ndimapeza pakati pa 18 ndi 20, pamsewu wautali imaposa pamenepo ngati simukuiponda kwambiri. Nthawi imene mafuta amasowa ija ndi pomwe ndinaikondera zenizeni, ukaima pamzere tsiku lonse nkupatsidwa malita ochepa aja, anzako a magalimoto akuluakulu mawa lake abwereranso pamzere, iwe sabata yatha ukuyenda. Ndalama imene ndinkathira mafuta mu saluni ija, pafupifupi theka lake pano ikubweza ngongole ya ku SACCO, ndipo kwa ine nkhani yaikulu ndi imeneyi, galimotoyi ikuthandiza kudzilipira yokha.

Mkati simuchepa ngati mmene imaonekera kunja. Alamu anga ndi atali koma amakhala kumbuyo mawondo osagunda mpando. Koma mipando ndi ya anthu anayi, malamba ndi anayi, osati zija tikuona ena akupanga taxi nkulongamo anthu asanu ndi mmodzi. Buti ndi kakang'ono, thumba limodzi la chimanga la 50kg ndi tizikwama basi mwadzaza, mukafuna zambiri mugwetse mpando wakumbuyo.

Sevisi ndi yotchipa, oyilo sakwana malita atatu, injini ili ndi tcheni osati lamba nde palibe zosinthasintha timing belt. Masipeya ku Biwi ndi mbwee chifukwa ma Mira achuluka mumsewu, komanso Toyota Pixis Epoch ndi Subaru Pleo Plus ndi galimoto yomweyomweyi yangosiyana chizindikiro, nde wogulitsa akati za Mira zatha mufunseni za zinazo.

Pa giya bokosi pokha abale ndikupempheni mumvetsere. Ndi CVT, mtundu wa automatic woyendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya, imafuna mafuta a CVT, osati ATF wamba wofiira uja amathira mu automatic zakale. Ma Mira ambiri amene mukuwamva akulira ngati njuchi ponyamuka, kapena akunjenjemera asanagwire liwiro, wina anathiramo mafuta olakwika kapena sanasinthepo chibwerere ku Japan. Ndikufufuza ndinaona ina yowala bwino pamalo ena ogulitsira magalimoto, mnyamata wake akuti mayi iyi ndi fresh, simupezanso ina, koma titakwera nayo kachitunda amakaniko anangondiyang'ana nkupukusa mutu, injini ikukuwa galimoto osapita. Tinaisiya pompo. Osagula Mira musanaiyese pachitunda, ndipo pitani mmawa muilize nokha injini ili yozizira, mukapeza aitenthetsa kale funsani chifukwa chake. Amakaniko anu alowenso pansi ndi tochi, zina zimachokera kumadera a chipale ku Japan komwe amathira mchere mumsewu, pamwamba penti bwinobwino pansi dzimbiri lokhalokha.

Zomwe zandichotsetsa malikisi imodzi ndi izi. Mphamvu ndi zochepa, zimenezo palibe kubisa. Tikamapita kumudzi ku Ntcheu tili anayi ndi katundu, zitunda za ku Dedza ndimazimitsa AC nkukhala kumanzere, ndipo kupitirira lole yaitali pamafunika kuona patali kwambiri, ukakaika pang'ono ingokhala kumbuyo. Basi yaikulu ikadutsa mothamanga kagalimoto kamagwedezeka ndi mphepo. Ndi kofupikanso pansi, mahampu ena a mmakwalala ndimakwera chopingasa, ndipo msewu wafumbi wolowera kwathu nthawi yadzinja ndimaisiya kwa achibale pa trading nkumalizitsa ndi njinga. Maenje a mumsewu sagwirizana ndi timatayala take ta 14 inchi, mashoki ndi mabushi akutsogolo ndasintha kale.

Ndipo pali chinthu china chimene munthu amene wachitapo ngozi sangachilumphe. Chitseko chake ukachitseka umamva kuti chitsulo ndi chopyapyala, ma airbag awiri alimo kutsogolo inde, koma kuchokera pampando wakumbuyo kufika pa bampala ndi pafupi kwambiri, ndipo ine amene ndinagundidwa kumbuyo ndimaganiza za ana anga nthawi zonse ndikaima pa roboti lole ili kumbuyo kwanga. Nchifukwa chake usiku pa M1 sindiyenda nayo, malamba aliyense amamanga tisananyamuke, ndipo ulendo uno ndinadzimana zina nkulipira comprehensive, inshulansi yolipiranso galimoto yanu ikaonongeka.

Tina ndi tating'ono koma timadya ndalama ngati simunakonzekere. Simubwera tayala la sipeya, amangoikamo kabotolo komatira ndi kapampu, nde gulani limu ndi tayala tsiku lomwelo, onaninso ngati jeke ilimo. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 FM, masiteshoni ambiri akuno simuwapeza mpaka muikitse ka expander kapena musinthe wailesi yonse. Ili ndi eco idle, injini imazima yokha mukaima nkudzuka mukachotsa phazi pa buleki, tsiku loyamba mukhoza kuda nkhawa kuti yafa koma ndi mmene anaipangira, kungoti imafuna batire lake la M-42 lomwe ndi lodulirapo, mukaika wamba silichedwa kutha. Pali batani lozimitsira zimenezo ngati simukuzifuna.

Mapepala musachite nawo manyazi olo wogulitsayo akhale wa kutchalitchi kwanu. Nambala ya chassis yapagalimoto ifanane ndi ya pa blue book, dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akukugulitsaniyo, COF, pepala losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikhale yamoyo, ndipo mupitire limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini, ndalama yomaliza muperekere komweko. Ine ndinatero ndipo mwini wake sanavute, wovuta pamenepa ndiye kuti pali chimene akubisa.

Ngati kwanu ndi kumsewu wafumbi, kapena mumanyamula matumba pafupipafupi, kapena banja lanu ndi la anthu asanu kupita mtsogolo, Mira ikukhumudwitsani, bola mupirire kabaza miyezi ina muonjezere ndalama mupeze Sienta kapena Probox. Wa mtauni ngati ine amene akungofuna ana afike kusukulu osanyowa ndipo iye afike kuntchito nthawi yabwino, gulani, koma pa ndalama muli nazozo siyaniko ina pambali ya mafuta a CVT, sipeya ndi batire, chifukwa zitatu zimenezi muzifuna mwezi woyamba womwewo.